Fakitale ili ndi miyendo: zomwe zinatsala ku Glasgow

Monga mwa masiku onse, zomwe ndikuwerengazi zalembedwa patsamba lino kuti inu amene mukuphunzira Chichewa muzitsatira ndi maso. Mawu akakuvutani, imitsani kaye, bwererani m'mbuyo. Palibe akukuthamangitsani. Lero ndi tsiku langa, ndipo nkhani yanga ikuyambira pa foni.

Linali Loweruka m'mawa, ndili pa Glasgow Central, kunsi kuja kokwerera sitima zodutsa ku Hamilton. Agogo anaimba pa WhatsApp kuchokera ku Ndirande.

"Uli kuti iwe, phokoso lonseli?"

"Ndili pa siteshoni, agogo. Ndikupita ku Blantyre."

Anakhala chete pang'ono. Kenako anakuwa: "Ukubwera osatiuza? Ndigwire nkhuku?"

Ndinawafotokozera kuti ndikunena Blantyre wa kuno ku Scotland, tauni yaing'ono yomwe ili pa mtunda wa mphindi pafupifupi 20 pa sitima. Kumeneko n'kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, ndipo amishoni omwe anafika ku mapiri a Shire mu 1876 anatenga dzinali n'kulipereka ku malo awo atsopano.

"Nanga ukukatani kumeneko?"

"Ndikukaona kumene amapanga laser."

"Leza? Masiku ano anthu ayamba kupanga Leza?"

Amene mukuphunzira, gwirani mawu amenewa. Leza ndi dzina lakale lomwe makolo ankatchulira Mulungu, ndipo mumalimva m'mawu oti utawaleza, uta wa Leza, womwe umaoneka mvula ikamagwa dzuwa likuwala. Agogo anaseka mpaka kutsokomola. Ineyo ndinaseka nawo, koma mumtima ndinali ndi nkhawa, chifukwa ulendowu unali wokaganiza za tsogolo langa.

Zomwe adadi anaona

Ndimalemba mapulogalamu a kompyuta. Ndinabadwira kuno mu 2000, ndinaphunzira za kompyuta ku yunivesite, ndipo kwa zaka zitatu ndakhala ndikugwira ntchito pa kampani ina ya inshuwalansi. Ntchito yabwinobwino, malipiro osachedwa. Ndiye mwezi wathawu kampani ina yaing'ono inandiitana. Ikufuna munthu wolemba mapulogalamu osanthula zotsatira za mayeso a ma chip, tizida tating'ono tomwe ndi ubongo wa foni ndi kompyuta. Malipiro ake ndi ocheperako.

Nditawauza adadi tili pa chakudya, anasiya mbamu ya nsima m'mbale.

"Za ma chip? Mwana wanga, fakitale ili ndi miyendo. Ine ndinaiona ikuyenda."

Sikuti ankangolankhula. Adadi anabwera kuno mu 1998 kudzaphunzira, ndipo usiku ankagwira ntchito pa fakitale ina yolumikiza tizida pa timatabwa tobiriwira ta m'kati mwa kompyuta. Nthawi imeneyo dera lapakati la Scotland, kuchokera ku Greenock kukafika cha ku Edinburgh ndi Dundee, ankalitcha Silicon Glen. IBM inafika ku Greenock kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Pambuyo pake kunabwera Motorola, National Semiconductor, NEC ndi ena. M'zaka za m'ma 1990, pafupifupi kompyuta imodzi mwa zitatu zilizonse zopangidwa ku Ulaya inkachokera kuno.

Kenako zinthu zinatembenuka. Malonda a makampani a intaneti anagwa mu 2000 ndi 2001, ndipo kum'mawa kwa Ulaya ndi ku Asia kunali anthu ogwira ntchito yomweyo pa malipiro otsika. Mu 2001 Motorola inatseka fakitale yake ya mafoni ku Bathgate, anthu oposa 3,000 n'kukhala pakhomo. Chaka chotsatira NEC inatseka ya ma chip ku Livingston, ntchito zoposa 1,000 n'kutha. Mafakitale ang'onoang'ono omwe ankadalira akuluakuluwa anagwa nawo, ndipo ya adadi inali imodzi mwa amenewo. Iwo amati makina anapakiridwa m'makontena iwo akuona. Ine ndinali ndi zaka ziwiri. Kuyambira pamenepo adadi akhala akuyendetsa basi.

Chomwe chinavuta n'chakuti mafakitale ambiri aja anali manja okha. Mutu unali ku America kapena ku Japan. Kumeneko n'kumene ankaganiza chopanga, kuchijambula ndi kulamula kuti chipangidwire kuti. Mwini mutu akafuna manja otchipa, amangowapeza kwina.

Ndiye funso langa linali ili: makontena aja atapita, chinatsala n'chiyani?

Nanomita, m'Chichewa

Tisanapitirire, tigwirizane kaye za kukula kwa zinthu zomwe tikukambazi. Tengani rula. Kamzere kakang'ono kwambiri pa rulapo ndi milimita. Mugawe milimita imeneyo magawo 1,000,000. Gawo limodzi ndiye nanomita.

Ndikudziwa, nambala yotere siilowa m'mutu. Tiyese chonchi. Tsitsi limodzi la m'mutu mwanu ndi lonenepa pafupifupi mananomita 80,000. Nanomita ikanakhala phazi limodzi lalitali, la mita imodzi, kuti muwoloke tsitsi limodzi mukanayenda mtunda woposa wa Blantyre kukafika ku Zomba, kapena wa Glasgow kukafika ku Edinburgh. Chikhadabo chanu chimakula pafupifupi nanomita imodzi pa sekondi iliyonse. Pomwe ndanena chiganizo chimenechi, chakula kale mananomita angapo.

Nanotechnology ndi luso lopanga zinthu pa msinkhu umenewu. M'foni mwanu muli ma transistor, omwe ndi timaswitchi toyatsa ndi kuzimitsa magetsi. Code yonse yomwe ine ndimalemba imathera pamenepo: yatsa, zimitsa, yatsa, zimitsa. Chip ya mu iPhone 15 Pro, ya mu 2023, ili ndi ma transistor 19 biliyoni pa malo ofanana ndi chikhadabo. Mutawagawira Amalawi onse, aliyense angalandire oposa 800.

Ndinene poyera: ma chip otere sapangidwa ku Glasgow. Amapangidwa ku Taiwan ndi kampani ya TSMC, m'mafakitale odya ndalama zankhaninkhani. Glasgow sakupikisana nawo pa zimenezo. Ntchito ya kuno ndi ina.

Chidindo ndi cholembera

Ku University of Glasgow kuli malo otchedwa James Watt Nanofabrication Centre. Dzinali ndi la James Watt wa injini ya nthunzi uja, yemwe ankakonza zida za sayansi pa yunivesite yomweyi. M'katimo muli zipinda zopanda fumbi. Ine chipinda cha mtundu umenewu ndinachiona koyamba tsiku la intavyu yanga, kudzera pagalasi. Anthu amavala ovololo yophimba thupi lonse, chipewa, magolovesi ndi chophimba kukamwa, kungotsala maso. Si kuti akudziteteza ayi. Akuteteza ma chip kwa iwo eni, chifukwa munthu amayoyoka timamba ta khungu nthawi zonse. Kafumbi kamodzi kakagwera pa ntchito yotere, zili ngati thanthwe la pa Mulanje lagwera pa dimba. Pepala wamba ndi pensulo saloledwa. Mbali ina nyali zake ndi zachikasu, chifukwa mankhwala omwe amapaka pa silicon amawonongeka ndi kuwala wamba, monga filimu ya kamera zakale.

Pali njira ziwiri zojambulira timizere pa chip. Mafakitale akuluakulu amagwiritsa ntchito kuwala kodutsa pa chithunzi chokonzeratu. Zili ngati chidindo cha kwa DC: kamodzi, pha! tsamba lonse latha. N'zachangu, koma chidindocho n'chodula, ndipo ukafuna kusintha kanthu uyenera kupangitsa china.

Njira yachiwiri ndi cholembera. Makina amatulutsa kamtsinje kowonda kwambiri ka ma electron, tinthu tomwe timayenda mu waya magetsi akayaka, n'kumalemba nako mzere umodziumodzi. Njira imeneyi imatha kujambula mizere yowonda kufika pa mananomita 10 ngakhale kucheperapo. Imachedwa, koma ukafuna kusintha umangosintha fayilo pa kompyuta. Pachingerezi amati electron beam lithography, ndipo akatswiri a ku Glasgow anayamba kuigwiritsa ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anthuwa akhala akudekha kwa zaka zoposa 40.

Apa n'pamene sayansi ya pa yunivesite imakumana ndi malonda. Mu 1997 yunivesite inakhazikitsa kampani yake, Kelvin Nanotechnology, yoti makampani a kunja azibwera ndi zojambula zawo n'kupangiridwa zida m'zipinda zomwezi. Kampani yaing'ono yomwe singakwanitse kugula makina a mapaundi mamiliyoni imangolipira nthawi ya pa makinawo, monga mmene timachitira ku chigayo: chimanga n'chako, makina ndi a eni.

Chitsanzo chimodzi cha zomwe zatuluka m'zipindazi ndi kachida kotchedwa Wee-g. Anzanga a kuno mukudziwa kuti "wee" ndi mawu a Chisikotishi otanthauza kakang'ono. M'foni mwanu muli kachida komwe kamadziwa kuti mwaitembenuza. Ofufuza a ku Glasgow anatenga nzeru yomweyo n'kuinola mpaka kachidako kanayamba kumva kusintha kwakung'ono kwa mphamvu yomwe dziko limakokera zinthu pansi. Analengeza zotsatira zake mu 2016, ndipo pambuyo pake anakakayesa pa phiri la moto la Etna ku Italy, kuti kathandize kudziwa zomwe zikuyenda pansi pa nthaka.

Leza wa ku Blantyre

Tibwerere pa sitima ija. Ndinatsika pa Blantyre, n'kuyamba ndapita ku Shuttle Row, nyumba yomwe Livingstone anabadwira m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Iye anayamba kugwira ntchito mu fakitale ya thonje ya pompo ali ndi zaka 10. Fakitale imeneyonso inayenda kalekale.

Kuchokera apo ndinakwera kumtunda, ku Hamilton International Technology Park. Kumeneko kuli kampani yomwe inkatchedwa CST Global. Mu 2017 inagulidwa ndi kampani ya ku Sweden, ndipo lero ikutchedwa Sivers Photonics. Sindinalowe, linali Loweruka ndipo palibe anandiitana. Ndinangoima panja. Nyumba wamba, malo oimika magalimoto, basi. Koma m'katimo amapanga ma laser aang'ono ngati kambewu ka mchenga.

Silicon ndi yabwino powerengera, koma siitha kutulutsa kuwala bwino. Ndiye ma laser amenewa amawapanga ndi zinthu zina, monga indium phosphide. M'kati mwa laser amajambulamo timizere totalikirana pafupifupi mananomita 200, ndipo cholembera cha ma electron chija chimagwira bwino ntchito imeneyi. Timizereti ndi timene timasankha mtundu wa kuwala. Utawaleza uli ndi mitundu yambiri, koma laser yotere imasankha umodzi wokha, wosaoneka ndi maso, n'kuulowetsa mu ulusi wagalasi. Timizere tikaphonya pang'ono, mtundu wa kuwala umasintha, ndipo uthenga umasokonekera.

Taganizani za foni ya agogo ija. Mawu awo anachoka ku Ndirande, kukwera pa nsanja ya netiweki, kulowa mu ulusi wagalasi, kudutsa m'dziko loyandikana nalo chifukwa Malawi alibe nyanja yamchere, kulowa mu chingwe cha pansi pa nyanja, mpaka kudzandipeza pa siteshoni. Pafupifupi ulendo wonsewo mawuwo anali kuwala, kophethira kuchokera m'ma laser a mtundu umenewu. Ife opanga mapulogalamu timakonda kunena kuti zinthu zili "mu cloud", ngati zili m'mitambo. Zili pansi pano, m'galasi ndi m'timizere tomwe munthu wovala ovololo anajambula.

Nyemba m'thumba la chimanga

Gawo lomwe linandikoka mtima kwambiri ndi ili, chifukwa ndi la anthu a code ngati ine.

Kuti silicon igwire ntchito ngati switchi, amathiramo maatomu ochepa a zinthu zina, monga boron kapena phosphorus. Tiyerekeze kuti mwathira mbale ya nyemba m'thumba la chimanga n'kusakaniza bwino. Mukamatapa ndi ndowa, ndowa iliyonse ituluka ndi nyemba zochuluka mofanana. Koma mukamatapa ndi chitsekerero cha botolo, china chituluka ndi nyemba ziwiri, china imodzi, china chopanda ndi imodzi yomwe.

Ma transistor akale anali ndowa. A masiku ano ndi zitsekerero. Atachepa kwambiri, maatomu othira aja anayamba kuwerengeka, ndipo ma transistor awiri oyandikana, opangidwa tsiku limodzi ndi makina amodzi, anayamba kusiyana khalidwe. Wina amayaka msanga, wina mochedwa. Ukakhala nawo mabiliyoni, ena ndithu alakwitsa.

Pulofesa Asen Asenov, wochokera ku Bulgaria, ndi gulu lake pa University of Glasgow anatchuka chifukwa cha vuto limeneli. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ankalemba mapulogalamu omanga ma transistor ambirimbiri m'kati mwa kompyuta, lililonse ndi maatomu ake omwazika mosiyana, kuti aone kuti asiyana motani fakitale isanawononge ndalama kuwapanga. Ntchitoyi inabala kampani yotchedwa Gold Standard Simulations, yomwe mu 2016 inagulidwa ndi Synopsys, imodzi mwa makampani akuluakulu padziko lonse opanga mapulogalamu ojambulira ma chip.

Mwaona? Katundu wa kampani imeneyo sanali makina oti n'kupakira mu kontena. Anali masamu, code ndi anthu odziwa chifukwa chake nyemba sizigawika mofanana.

Adadi sanagonje

Ndinabwerera kunyumba nditakonzeka ngati loya. Ndinawafotokozera adadi zonsezi. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa mafunso awiri.

"Anthu 3,000 a ku Bathgate aja angakwane m'chipinda chopanda fumbicho?"

Sangakwane. Ntchito za kafukufuku n'zochepa poyerekeza ndi za mafakitale aja, ndipo zambiri zimafuna madigiri.

"Nanga makampani ako awiriwo, eni ake ali kuti lero?"

Wina ali ku Sweden, wina ku America. Apa ndinasowa chonena. Ngakhale boma la UK likudziwa malire ake. Mu 2023 linalonjeza ndalama zofika £1 biliyoni pa zaka 10 zothandizira ntchito ya ma chip, makamaka kafukufuku, kujambula ndi zida ngati za ku Blantyre zija. America inali italonjeza kale pafupifupi $52 biliyoni mu 2022.

Chomwe ndinatha kuyankha n'chimodzi. Fakitale ya adadi itagwa, eni ake anatenga makina n'kusiya anthu. Makampani awiriwa atagulidwa, chomwe ogula ankafuna ndi anthuwo ndi zomwe akudziwa. Si chitetezo chokwanira, ndikuvomera. Koma pali kusiyana pakati pa kukhala manja ndi kukhala gawo la mutu.

Nanga kumudzi?

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ku Malawi tinakula tikumva kuti chuma chili m'nthaka, ndipo masiku ano mawuwa sakunena za fodya ndi chimanga zokha. Ku Kanyika, m'boma la Mzimba, kuli niobium ndi tantalum. Ku Kangankunde ku Balaka ndi ku Songwe Hill ku Phalombe kuli miyala yosowa yomwe amapangira maginito amphamvu. Ku Kasiya, ku Lilongwe, kuli rutile ndi graphite. Tantalum imalowa m'tizida tosunga magetsi m'mafoni. Niobium imagwiritsidwa ntchito m'zida za makompyuta a quantum, omwe ofufuza a ku Glasgow akulimbana nawonso. Mgodi ulibe miyendo, n'zoona, koma umatha. Ukatha, chotsala n'chomwe anthu anaphunzira.

Sindikunena kuti mawa timange chipinda chopanda fumbi ku Limbe. Chimafuna magetsi osazima ngakhale sekondi imodzi, madzi oyeretsedwa kwambiri ndi ndalama zambiri. Koma ntchito ya nyemba ija, yoyerekeza ndi kusanthula pa kompyuta, imayambira pa masamu, fizikisi ndi laputopu. Wophunzira wa ku MUST ku Thyolo, yunivesite yomwe inatsegulidwa mu 2014, kapena wa ku MUBAS pa Chichiri, angathe kulowera pa khomo limenelo. Ndipo ife amene tinakulira kuno, amene timadutsa pafupi ndi zipinda zimenezi popita ku ntchito, tili ndi mbali yathu. Poyambira pake n'kutha kufotokoza zinthuzi m'chinenero chomwe agogo ndi asuweni athu amaganizira. Nkhani ya nyemba ija inanditengera masiku atatu, ndipo amami anandikonza kawiri.

Ntchito ija ndaivomera. Ndikuyamba mwezi wamawa. Adadi sananene kuti ndachita bwino. Koma Lamlungu lapitali anatsegula dirowa, n'kutulutsa kalamba kabuluu kovala pamkono, kokhala ndi waya wopiringizika. Ankakavala ku fakitale kuti magetsi a m'thupi asaphe tizida. Akasunga zaka zoposa 20.

"Tenga," anatero. "Ukagwire zinthu za eni mosamala. Koma zomwe uphunzire kumeneko, zimenezo n'zako."

Madzulo ake ndinawaimbira agogo. Ndinawauza za utawaleza ndi ulusi wagalasi, kuti mawu awo amafika kuno ngati kuwala. Anamvetsera, n'kunena kuti, "Chabwino, ndamva. Koma nkhuku ija ndaisunga. Tsiku lina ubwere ku Blantyre weniweniyu."

Mawu oti mupite nawo sabata ino ndi atatu: utawaleza, chidindo ndi kudekha. Yesani kupanga chiganizo ndi liwu lililonse. Ndipo ngati mungathe, imbirani wachibale kumudzi, mumufotokozere m'Chichewa ntchito yomwe mumagwira kapena zomwe mukuphunzira. Pomwe mukakamire, tilembereni, tidzathandizane kupeza mawu ake.